Funsani Tikuyankheni: Viniga, Soda ndi Chidulo Poyeretsa M'nyumba

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Kasungu, ndipo nkhani yake ndi imodzi: mankhwala opopera oyeretsera m'nyumba odzipangira wekha. Tasankhapo angapo. Ena tawadula chifukwa cha malo, eni ake atikhululukire.

FUNSO: Akonzi, mankhwala opopera a m'mashopu andikwerera mtengo. Anzanga ku mpingo akuti viniga amayeretsa chimodzimodzi. Ndisakanize bwanji, nanga ndizipopera pati? (Mayi wa ku Mtunthama)

YANKHO: Anzanuwo sanakunamizeni mayi, kungoti poti "chimodzimodzi" apo awonjeza. Viniga ndi wowawasa, ndipo zowawasa zili ndi litsiro lake limene zimathana nalo: zoyera zouma zimene madzi amasiya pa mpopi ndi m'ketulo, zotsalira za sopo pa matailosi a kubafa, madontho a pa galasi. Pa mafuta ndi mwaye ndi wofooka.

Gulani viniga woyera, yemwe uja timathira pa tchipisi, ndipo muonetsetse kuti pa botolo palembedwa 5%. Wofiirira uja musiyireni chakudya, amadetsa zinthu zoyera. M'botolo lopopera la 500 ml thiranimo kapu imodzi ya viniga, ya 250 ml, ndi kapu imodzi ya madzi. Ngati kukula kwa kapu yanu simukukudziwa musavutike, chachikulu n'chakuti viniga ndi madzi zifanane muyeso. Madzi akhale owiritsa n'kuzizira. A pa mjigo nthawi zambiri amakhala ndi laimu wosungunuka, ndipo akauma pa galasi amasiya mizere yomwe mumafuna kuchotsa ija. Kuwiritsa kumagwetsa wina mwa laimuyo pansi pa ketulo. Pomaliza donthezanimo sopo wamadzi wotsukira mbale, madontho atatu kapena anayi basi. Mukachulutsa mudzangolimbana ndi thovu.

Sopo wolimba uja wodula mapisi musamuyandikitse kwa viniga. Mukamupala n'kumuthiramo, amagwirana ngati mkaka wosasa n'kusanduka timibulu tamafuta toyera, totseka kabowo ka botolo ndi kusiya zonanda pa chilichonse mwapopera.

Popopera pake ndi pa magalasi a mazenera, matailosi, sinki yachitsulo, mipopi, mipando yapulasitiki ndi m'kati mwa firiji. Koma yambani mwapukuta fumbi ndi kansalu kouma. Mu Okutobala zenera loyang'ana kumsewu limakhala ndi fumbi loti n'kulembapo dzina ndi chala, ndipo mukapopera pamwamba pa fumbilo mwaponda matope. Mukatero poperani, dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu, pukutani ndi kansalu, n'kumaliza ndi nyuzipepala yakale yofwinya. Chitani zimenezi m'mawa kapena madzulo. Galasi lotentha ndi dzuwa limaumitsa madziwo musanapukute, mizere n'kutsala.

Mpopi umene wachita zoyera zolimba kupopera kokha sikungauthe. Viikani kansalu mu viniga wosasungunula, kulungani pa mpopiwo, mangani, musiye mphindi 30 mpaka ola limodzi, kenako kwechani ndi mswachi wakale ndi kutsukuluza. Musagoneke usiku wonse, kuwala kwa mpopi kumatha. Ketulo: theka viniga, theka madzi, wiritsani, musiye ola, tayani, n'kuwiritsamo madzi okha kawiri musanaphikiremo tiyi. Pa galasi la foni, la kompyuta ndi la TV ayi, amawononga zimene anakutira pamwamba pake.

FUNSO: Ndinakolopa pansi pa nyumba ndi madzi a viniga. Pansipo ndi pa simenti yofiira yopaka polishi. Pano patuwa zigamba zigamba, polishi sakugwiranso bwino. Ndinalakwitsa pati? (Mtsikana wa pa Kasungu boma)

YANKHO: Achemwali, simunalakwitse muyeso, munalakwitsa malo. Simenti ndi pachibale ndi laimu, ndipo ntchito ya viniga ndi kusungunula laimu. Iye sasiyanitsa laimu wa m'ketulo ndi wa pansi pa nyumba yanu. Anayamba ndi kufooketsa polishi, kenako n'kudya pamwamba posalala pa simentiyo. Kutuwako ndi pamene padyeka.

Tsukuluzani pansipo ndi madzi ambiri. Kenako kolopani ndi malita 5 a madzi osungunuliramo masupuni aakulu awiri a soda wophikira therere kuti muphe asidi wotsalira, mutsukuluzenso ndi madzi okha, paume tsiku lathunthu. Polishi mupake wochepa, mopyapyala, kawiri kapena katatu, mukupukuta pakati pake, osati chimtanda chimodzi. Ngati pachita timaenje togwira chala, pamenepo ndi pa mmisiri womanga, polishi sakwirira dzenje.

Zina zosayanjana ndi viniga ndi mandimu pa chifukwa chomwechi ndi khoma lopaka laimu, pansi pa terazo ndi miyala ya mabo. Mizere ya simenti ya pakati pa matailosi imapirira kupopera kwa apo ndi apo bola mutsukuluze, koma mukamaisambitsa viniga tsiku ndi tsiku imayamba kugumuka. Ndowa yamalata nayonso musasakaniziremo, viniga amadya zokutira zake n'kuitsegulira dzimbiri. Pansi pa simenti, madzi ndi sopo waufa pang'ono n'zokwanira.

FUNSO: Ndinaona pa Facebook akuti usakanize viniga ndi soda m'botolo limodzi kuti mphamvu ichuluke. Nditatseka, botolo linafufuma mpaka chivindikiro chinafwanthuka. Kodi soda anachuluka? (Bambo wa ku Chatoloma)

YANKHO: Bambo, mwayi kuti botololo silinali lagalasi. Malangizo amenewa akuyenda kwambiri m'mafoni, ndipo ndi olakwika, kaya soda achuluke kaya achepe. Thovu lija limasangalatsa maso, munthu n'kumati ntchito ikugwirika, pamene kwenikweni awiriwa akuphana. Soda ali mbali ya chidulo, viniga ali mbali ya zowawasa. Akakumana amathetsana mphamvu, chotsala ndi madzi, mchere wina wosayeretsa kanthu, ndi mpweya womwe uja umatuluka mukatsegula botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Masupuni aang'ono anayi a soda ndi okwanira kupha kapu yonse ya viniga wa 5%, ndipo potero pamatuluka mpweya wokwana pafupifupi malita 5. Inu munafuna kuutsekera m'botolo la theka la lita.

Agwiritseni ntchito motsatana, osati pamodzi. Pa sinki yonona, wazani soda wouma, kwechani ndi kansalu konyowa, tsukuluzani, kenako poperani viniga kuti achotse zoyera zimene soda wasiya.

FUNSO: Pakhomo pano pali mtengo wa mandimu wobereka kwambiri, ena amangowolera pansi. Sindingafinye madzi ake m'malo mogula viniga? Fungo la viniga amuna anga sagwirizana nalo. (Mayi wa ku Nkhamenya)

YANKHO: Mungathe mayi, mphamvu ya madzi a mandimu sisiyana kwenikweni ndi ya viniga. Vuto lake ndi kusunga. Madzi a mandimu ndi chakudya, muli shuga pang'ono ndi timinofu, ndipo m'nyengo yotentha amayamba kusasa ndi kuchita chuku pakangopita masiku ochepa. Mukawapopera osatsukuluza pamakhala ponanda, nyerere n'kupeza njira. Choncho finyani a tsiku lomwelo: mandimu awiri m'kapu imodzi ya madzi, sefani pa kansalu kuti njere ndi timinofu zisatseke botolo, otsala mutaye mawa lake. Theka la ndimu losunsa mu mchere ndiye katswiri pa thabwa lodulirapo anyezi ndi pa mbale zonunkha usipa. Kwechani, musiye mphindi zisanu, tsukani.

Chuma chenicheni cha mtengo wanuwo chili m'makoko. Finyani khoko la ndimu pafupi ndi mphuno, muona timadontho tikuthovoka: amenewo ndi mafuta a ndimu, ndiwo onunkhira, ndipo amathandiza kusungunula zonona. Sendani mandimu asanu kapena asanu ndi limodzi mopyapyala, mutenge chikasu chokha, mnofu ndi zoyera zambiri muzisiye. Ikani makokowo m'botolo lagalasi la kukamwa kwakukulu, monga la jamu, mpaka theka, n'kuthiramo viniga woyera wosasungunula mpaka onse amire. Apa mpofunika kusamala: khoko lotulukira pamwamba limachita chuku n'kuwononga botolo lonse, choncho likanikizeni pansi. Ngati chivindikiro ndi chachitsulo, yalani kapepala kapulasitiki pakamwa musanatseke, apo ayi chichita dzimbiri n'kudonthezera m'kati. Ikani pa mthunzi masiku 14, muzikhutchumula masiku ena. Akakwana, sefani kawiri pa nsalu yothina, kenako sungunulani theka ndi theka ndi madzi owiritsa monga tafotokozera mayi a ku Mtunthama.

Makoko a malalanje ndi a manachesi amagwiranso. Ena amaikamo masamba a bulugama otsuka ndi kuuma bwino. Palibe choletsa, koma dziwani kuti ntchito yake ndi fungo basi. Viniga wotere amasanduka wachikasu, ndiye yesani kaye pakona musanapopere chinthu choyera. Wosasungunula amakhala miyezi ingapo. Sungunulani wongokwanira milungu itatu kapena inayi. Abambo auzeni kuti fungo la viniga limachoka lokha pakauma, bola mazenera atsegulidwe.

FUNSO: Khitchini yathu timaphikira nkhuni ndi makala. Khoma la pafupi ndi mbaula lada ndi mwaye wosakanikirana ndi mafuta, viniga walephera. Agogo akuti chidulo chimachotsa. N'zoona? (Mnyamata wa ku Santhe)

YANKHO: Achimwene, agogo akudziwa. Mafuta amagonja ku sopo, soda ndi chidulo, ndipo kale sopo ankapangidwa ndi madzi a phulusa ndi mafuta. Koma tiyambe ndi chopopera, chifukwa chidulo sitikufuna kuti chilowe m'botolo lopopera.

Botolo lachiwiri, lake lake, osati lija la viniga: madzi ofunda 500 ml, masupuni aang'ono awiri a soda, ndi supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale. Sungunulani soda yense kaye, sopo alowe pomaliza. Mukachulutsa soda kwambiri, wina amakhala pansi osasungunuka n'kutseka kabowo. Kakatseka, chotsani kamutu kopopera mukaviike m'madzi otentha. Musanapopere, sesani mwaye wouma ndi tsache kuyambira kudenga, chifukwa mwaye ukanyowa umalowerera. Poperani kagawo kakang'ono, dikirani mphindi zisanu mpaka khumi, kwechani kuchokera pansi kukwera m'mwamba kuti madzi akuda asajambule mizere pa khoma louma, n'kupukuta ndi kansalu ka madzi okha. Izi ndi za khoma la penti wamafuta kapena la matailosi. Khoma la laimu kapena lozira silitsukika, lisesedwe n'kupakanso.

Pamene pakanika ndiye pa chidulo. Sefani phulusa la nkhuni, la zitsononkho kapena la makoko a mtedza, zimene kwanuko sizisowa mukakolola. Likhale loyera bwino, losawotcherapo mapulasitiki, mabatire kapena matabwa openta. Kapu imodzi ya phulusa, makapu anayi a madzi otentha, m'chigubu chapulasitiki cholimba kapena mumphika wadothi. Takasani, chigone usiku, m'mawa tsanulani madzi apamwamba mosamala n'kusefa. Akhudzeni ndi nsonga za zala, mumva kuterera. Kutererako ndi chizindikiro choti akudya mafuta a pakhungu lanu, n'chifukwa chake manja amawawa ndi kung'aluka mukawagwira nthawi yaitali. Valani magolovesi kapena jumbo kumanja, mupake ndi chisanza. Osapopera, chifukwa kamphepo kake kakabwerera m'maso n'koopsa. Akakugwerani m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kenako mupite kuchipatala.

Mapoto a aluminiyamu musawanyike m'chidulo kapena m'soda, amada m'kati ndipo pakapita nthawi amachita timaenje. Amene ada kale, wiritsanimo lita ya madzi ndi masupuni aakulu awiri a viniga, kapena timapisi ta ndimu, kwa mphindi khumi, ayera.

FUNSO: Mvula ikubwera ndipo tili ndi mantha ndi kolera. Kodi mankhwala a viniga amapha majeremusi? Ndikuganiza zothiramo Jik pang'ono kuti akhale amphamvu. (Mayi wogulitsa zakudya pa Chinkhoma)

YANKHO: Mayi, musatero, ngakhale dontho. Kalata yanu ndi imene yatichititsa kuti tisachedwe ndi nkhaniyi. Jik akakumana ndi chowawasa chilichonse, kaya viniga, kaya madzi a mandimu, amatulutsa mpweya wa klorini, umene umawotcha maso, kukhosi ndi mapapo. M'kabafa kopanda zenera munthu amayamba kutsokomola ndi kubanika asanazindikire chachitika. Chimodzimodzi WaterGuard ndi klorini waufa amene alangizi a zaumoyo amagawa. Kusakanizaku sikuchitika m'botolo mokha: mukapopera viniga pa sinki n'kuthira Jik pamwamba musanatsukuluze, mwasakaniza. Jik musamuthirenso m'chitini chimene muli mkodzo, nazonso zimatulutsa mpweya woipa. Tayani kaye, tsukuluzani. Zikachitika mwangozi, tulukani msanga, tulutsani ana, siyani zitseko ndi mazenera zotsegula, ndipo musabwerere kukawerama pa ndowayo. Ngati kutsokomola kapena kubanika kukupitirira, thamangirani kuchipatala.

Tsono ku funso lanu loyamba. Viniga amafooketsa majeremusi ena, koma si mankhwala odalirika ophera tizilombo ta matenda. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikuukumbukira, ndipo pa matenda ngati amenewa sitiyesera. Inu ogulitsa zakudya makamaka, tebulo limene mwadulirapo nkhuku yaiwisi, chimbudzi, ndi paliponse pamene pakhudza wotsegula m'mimba, pamafuna sopo kenako klorini.

Dongosolo lake ndi ili. Tsukani kaye ndi madzi ndi sopo, chifukwa litsiro limadya mphamvu ya klorini asanafike pa majeremusi. Tsukuluzani. Kenako werengani pa botolo la Jik. Ngati palembedwa 3.5%, thirani masupuni aakulu anayi, amene ndi 60 ml, mu lita imodzi ya madzi ozizira, kapena kapu imodzi m'malita 4. Zimenezi zimapereka mphamvu ya pafupifupi 0.2%, imene azaumoyo amagwiritsa ntchito pansi, pa matebulo ndi pa ziwiya nthawi ya kolera. Pakani ndi kansalu kapena thirani, pakhale ponyowa mphindi khumi, ndipo pokhudza chakudya mutsukuluze ndi madzi aukhondo. Sakanizirani m'ndowa yapulasitiki, mupange watsopano tsiku lililonse, ndipo asakhale padzuwa, amatha mphamvu. Masanzi ndi chimbudzi cha wodwala zimafuna wamphamvu kuposa apa, wa 2%; pamenepo itanani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu akuthandizeni, wodwalayo ali kale pa ulendo wa kuchipatala.

FUNSO: Mabotolo opopera kuno ndi osowa. Ndili ndi kabotolo kamene munali mankhwala a ku nazale ya fodya, ndakatsuka katatu ndi sopo. Sikangathandize? Komanso wina wandiuza kuti kachasu amayeretsa magalasi ndi kupha majeremusi. (Mlimi wa ku Chamama)

YANKHO: Za kachasu tiyankhe mwachidule bambo. Mowa umapha majeremusi modalirika ukafika 60% kupita m'mwamba, ndipo wa kachasu palibe amauyeza. Wa mutu ndi wotsiriza kutcheza ndi zinthu ziwiri zosiyana. Onjezani fungo lake ndi mbaula ili pafupi. Galasi viniga alikwanitsa.

Kabotoloko ayi, ngakhale mutakatsuka kakhumi. Pulasitiki imamwa mankhwala a mbewu n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilichonse mwathiramo, ndipo inu mukufuna kumapopera pa tebulo lodyera ndi m'firiji. Kabooleni pansi kuti wina asadzakatole n'kuthiramo mchere kapena mafuta ophikira, ndipo mufunse alangizi a zaulimi za katayidwe kake. Sipuleya ya kumunda nayonso isalowe m'nyumba pa ntchito imeneyi. Botolo limene munali mankhwala oyeretsera a m'shopu lingathe, koma ngati munali a klorini litsukuluzeni kangapo, mupoperenso madzi okha mpaka kapaipi kam'kati kayere, liume, viniga asanalowemo.

Popanda botolo lopopera, tengani botolo lapulasitiki lofewa la madzi akumwa la 500 ml. Tenthetsani singano pa moto, mwaigwira ndi pulayala, mubowole chivindikiro mabowo atatu kapena anayi. Mukafinya, madzi amatuluka timizere tating'ono, tokwanira kunyowetsa zenera kapena kansalu. Mabowo akakula mumangowononga viniga, choncho yambani ndi singano yaing'ono. Kuipa kwa botolo lotere n'kwakuti mwana amaliona ngati chakumwa, makamaka muli viniga wachikasu wa mandimu uja, amene amafanana ndi Sobo. Matulani pepala lake lakale, mangani kansalu kofiira pakhosi pake, muliike pamwamba posafika ana. Mwana akamwa chilichonse mwa zimenezi, musamusanzitse; mutsukeni m'kamwa, mupite naye kuchipatala mutanyamula botololo. Ndipo pa botolo lililonse matanipo pepala lolembedwa ndi zilembo zazikulu zimene zilimo ndi tsiku limene mwasakaniza. Pa la viniga muwonjezere mawu akuti: OSASAKANIZA NDI JIK.